Nthutumba za ku Kabula

Nkhani iyi ndinaimva chaka chimene tinkawotcha njerwa za tchalitchi chathu chatsopano kuno ku Ntcheu. Uvuni ukayatsidwa sausiya wokha, choncho tinkasinthana kusonkhezera, amuna kuponya zikuni, amayi kubweretsa thobwa ndi mbatata. Madzulo ena a Nanyoni ndi mng'ono wawo anakhala nafe pamkeka, ndipo nkhani inayamba ndi kuseka, monga zimayambira nkhani zambiri zimene zimathera chete. Ndikufotokozerani monga anafotokozera eni ake. Pamene awiriwa anasiyana mawu ndinena kuti anasiyana. Kuweruza ndasiyira Mwini moyo, amene amadziwa kumene akufa amakhala.

A Nanyoni ndi mayi wachikulire, wa Mvano, wa mawu ochepa. Mng'ono wawo nayenso ndi Nanyoni popeza bambo ndi mmodzi, koma ife timangoti a Feliya. A Feliya ndiwo amalankhulira banja lonse, ngakhale pamene banja silinawatume.

Amuna awo a a Nanyoni anali a Mlauzi. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yophika kunyumba ya mmwenye wina ku Blantyre, kumene achikulire amati ku Kabula. Anabwerera kumudzi, nakwatira, ndipo kuyambira pamenepo chaka ndi chaka ankalonjeza kuti, "Tikakolola, Nanyoni, ndikakuonetsani Kabula." Ankakolola, koma pankabwera fizi ya ana, denga lodontha, matenda, maliro. Lonjezo linakalamba nawo limodzi. A Mlauzi anatisiya mvula yoyamba itangogwa, mkazi wawo asanapondemo m'tauni.

Koma a Nanyoni amati m'nyumba muja sanachokemo. Kuwaona sankawaona. Ankangomva kuti kumbuyo kwawo kwaima munthu, monga umamvera wina akaima pakhomo n'kukutchingira kuwala. Popita kumunda ankamva mapazi akutsatira, lina loponda, lina lokhwekhwereza, chifukwa mwendo wamanzere wa a Mlauzi unali wolemera chigwereni panjinga. Mantha analibe. Ankangotopa.

Chilimwe chitafika achibale anagwirizana zomanga chiliza. Akuluakulu amati chiliza chikamangidwa munthu wagona, sayendanso. A Nanyoni atamva tsiku lake anagulitsa mbuzi, naitana mng'ono wawo.

"Feliya, alamu ako asanagone, akandionetse Kabula wawo uja."

"Alamu ake ati, achemwali? Ali kumandawo?"

"Uli ndi ena?"

"Koma abusa akamva!"

"Akamva chiyani? Kuti ndapita ku Blantyre ndi mwamuna wanga? Si tchalitchi chomwecho chinatimangitsa ukwati?"

A Feliya amati anaseka mpaka kutsokomola, koma anavomera, chifukwa ulendo wolipiriridwa saukana.

Tsono kwathu kuno mayi akayenda ndi khanda, pochoka pamalo pamene anakhala amaliitana kuti, "Tiye mwana, usatsale." Amati akapanda kutero mwana amafika kunyumba thupi lokha, n'kumangolira osatonthola. A Nanyoni anati adzachita chimodzimodzi ndi amuna awo. M'mawa wa ulendowo anaima m'mphepete mwa manda, osalowamo, napemphera, kenako anati, "Bambo, tiyeni." Pokwera basi anati, "Bambo, tiyeni." Pa mlatho wa Zalewa ananong'ona kuti, "Tikuwoloka Shire, bambo, musatsale." Mtsikana amene anakhala kutsogolo kwawo anacheuka, nayang'ana a Feliya, ndipo a Feliya anamuuza kuti, "Usadandaule mwanawe, akulankhula ndi Atate wakumwamba."

Anatsika pa Wenela dzuwa litakwera ndithu. A Feliya anakhalapo ku Ndirande kalekale, ndipo njira yonse anali kudzitama kuti tauni amaidziwa ngati kuseri kwa nkhokwe yawo. Atangotuluka m'depoti anaima, nayang'ana uku ndi uku, chikwama atachikumbatira.

"Nyumba iyi panalibe apa."

"Ndiye tilowere kuti?"

"Dikirani, achemwali. Msewu ausuntha."

Akulankhula choncho anangoona a Nanyoni ayamba kuyenda. Sankayang'ana zikwangwani, ndipo sanafunse munthu. Anawoloka msewu pamene oyenda pansi amawolokera, nakhotera kumene kuli wotchi yaikulu yoimikidwa pachipilala, naima pansi pake ngati munthu amene anapangana ndi mnzake kuti akumane pamenepo.

"Achemwali, njira mwaidziwa bwanji?"

"Sindikuidziwa. Kwathu amatsatira, kuno atsogola."

A Feliya amati apa anaseka pang'ono chabe.

Kuchokera pawotchi anapita ku Mishoni kukaona tchalitchi chakale cha njerwa, chimene a Mlauzi ankati anachimanga anthu opanda makina. Kunali bata. Mkati munali mozizira, kuwala kukulowera m'magalasi amitundumitundu n'kugwera pamabenchi. Bambo wina wachikulire anali kusesa chapatsogolo, atawerama. Alongo awiriwa analowa mwakachetechete, ndipo a Feliya amati m'nyumba yaikulu ngati imeneyo phazi lililonse limamveka kawiri. Anamva ake, anamva a achemwali awo, ndipo pakati pake panali kena kokhwekhwereza, ngati wina akukoka thumba la chimanga losadzaza.

Wosesa uja, asanaweramuke bwinobwino, anati, "Madala, chipewa. Muno timavula."

Kenako anaweramuka. Anayang'ana amayi awiriwo, nayang'ana kumbuyo kwawo, nayang'ana kukhomo. Anatikita m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Pepani amayi," anatero. "Fumbi."

A Nanyoni anagwada pabenchi lakumbuyo napemphera nthawi yaitali. Amati anathokoza Mulungu chifukwa cha njerwa iliyonse, ndi manja amene anaiumba, ndi maso awo amene anakhala ndi moyo kufikira kuiona. Potuluka anaima pakhomo nati, "Bambo, tiyeni."

Panja anakhala paudzu pansi pa mtengo kuti apume. A Feliya anamasula mpango umene anamangamo mtedza wophika wamakoko, nauika pakati. Anadya akuyang'ana phiri la Ndirande, a Feliya akuloza kumene ankakhala, kumene kunali mpopi, kumene anakanganapo ndi mayi wina chifukwa cha ndowa. Pofuna kumanga zotsala anapeza mtedza watha. Makoko awo anali mbwee paudzu monga amatayira aliyense. Koma chapambali, pamuzu wa mtengo, panali makoko ena osanjikizidwa bwinobwino, lina m'kati mwa linzake, ngati mbale zotsukidwa. Aliyense amene anadyapo mtedza pakhonde la a Mlauzi akudziwa amene ankasanja makoko choncho.

A Feliya anawayang'ana makokowo. Kenako analankhula molunjika kumuzu uja, chifukwa munthu ndi mlamu wake saopana.

"Alamu, basi simunalipire, mtedza simunaphike. Ulesi mpaka kumeneko?"

"Asiye," anatero a Nanyoni. "Ayenda mtunda."

Anatsikira m'tauni. Anaona nyumba zosanjikizana za mabanki, galasi lokhalokha, ndipo a Nanyoni anadziona okha m'khoma nakonza duku. Anaona atsikana ovala mathalauza akuyendetsa magalimoto. Anaona nyumba yakale ya Mandala ndi khonde lake lamatabwa. Paliponse pamene anaima, pochoka ankaitana, ndipo a Feliya anazolowera mpaka nawonso ankathandizira kuti, "Alamu, changu, tsiku likutha."

Pa kamsewu kena kotsetsereka a Nanyoni anaima mwadzidzidzi kutsogolo kwa malo ogulitsira matayala. Panalibe choti munthu n'kuona, matayala okhaokha ndi anyamata akuda ndi girizi.

"Taima chifukwa chiyani?"

"Aima."

Anadikira. Kuseri kwa mulu wa matayala kunali mtengo wa mango wokalamba ndi masitepe atatu a simenti osapita kulikonse, nyumba yake inagwetsedwa kalekale. A Nanyoni amati anadziwa mumtima kuti khitchini ya mmwenye uja inali pamenepo, kuti pamasitepe amenewo mnyamata wina ankakhala n'kumasenda anyezi, iwo asanamudziwe. Sanawafulumize. Patapita nthawi anati, "Ndaona, bambo. Zikomo. Tiyeni."

Njala inawapeza chakumsika, kufupi ndi mtsinje wa Mudi. Fungo ndi limene linawakoka. Panali ziwaya ndandanda, utsi tolotolo, mafuta akuthetheka. Mwini chiwaya china, bambo wonenepa wa zipsera zamoto m'manja, anawakodola ndi chipande chake.

"Masteni, bwerani kuno! Tchipisi chotentha, mbuzi ya lero, nthutumba zangopsa kumene. Kulawa n'kwaulere!"

A Nanyoni anayandikira, naima ngati aona chozizwitsa. Pakona ya chiwaya panali mulu wa nthutumba, zofiirira, zonyezimira mafuta.

Inu amene munakulira m'tauni mwina simudziwa. Nkhuku ili ndi nthutumba imodzi, ndipo kwathu kuno imeneyo ndi ya bambo wa pakhomo kapena mlendo wolemekezeka. Ikasowa m'mbale ndi mlandu. A Nanyoni anang'amba nthutumba zosawerengeka pamoyo wawo, kuchotsa mchenga, kusenda kakhungu kachikasu, kutsuka, kuphika, kuika pamwamba pa ndiwo za a Mlauzi. Pakamwa pawo sinapitepo ngakhale imodzi.

"Feliya," ananong'ona, "nkhuku zonsezi zaphedwera alendo angati?"

"Kuno mlendo ndi amene wagula, achemwali."

Pambali pawo atsikana awiri ovala yunifolomu ya sukulu anali kubaya nthutumba ndi timitengo, kuviika mu tsabola, kuponya m'kamwa, nkhani zawo zili mkati.

"Taona ana awa! Sachita mantha?"

"Mantha a chiyani? Ine ndinayamba kalekale, malemu bambo a kwathu ali moyo. Ndinkanamizira galu. Galu uja anafa ndi mbiri yoipa."

Mwini chiwaya anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Anabaya imodzi, naiviika mu tsabola ndi mchere, naipereka ndi manja awiri.

"Lawani, masteni. Kuno kulibe mlandu."

A Nanyoni amati anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere, ngati mwana amene akufuna kutapa shuga. Kenako anaika m'kamwa. Inali yolimba pang'ono pamano, kenako yofewa, yonona, tsabola akuyabwa kumilomo. Anatafuna pang'onopang'ono, maso atatsinzina.

"Bwanji?" anafunsa a Feliya.

"Ndiye zinthu zake n'zimenezi?"

"N'zimenezo."

"Zaka zonsezi amuna akhala akutibisira izi?"

Anaseka. A Feliya amati chimwalirireni alamu awo anali asanamvepo achemwali akuseka choncho, kuseka kochokera m'mimba, kogwetsa misozi. Anakhala pabenchi la mwini chiwaya, naitanitsa nthutumba mbale yonse, tchipisi, kabichi wodula, fanta wozizira. Anadya, nawonjezera. A Nanyoni anafunsa mwini chiwaya kuti nthutumba zambiri chonchi amazipeza kuti, iye nawauza za makola a nkhuku zoyera zimene sizionako dzuwa, iwo napukusa mutu n'kubayanso ina.

Anali a Feliya amene anayang'ana kumwamba n'kuona dzuwa litapendekera kuphiri la Michiru.

"Achemwali, mabasi a kwathu akatha tigona padepoti! Nyamukani!"

Anasamba m'manja mofulumira, analipira, anathokoza. Mwini chiwaya anawakulungira nthutumba zina m'pepala kuti akadye m'njira. Anathamangira ku Wenela akusekabe, a Nanyoni akunyambita milomo. Sanaitane.

Anapeza basi ikudzaza. Anakhala pampando, nagula buledi wa adzukulu pawindo. A Feliya anavula nsapato kuti mapazi apume. A Nanyoni anatsamira kumbuyo, napumira m'mwamba, ndipo anadabwa kuti mpweya ukulowa mpaka pansi pa chifuwa. Mapewa anali opepuka. Khosi linkatembenuka lokha. Anakhala choncho kanthawi, akumva kukoma, asanadzifunse kuti kupepukaku kwachokera kuti.

Kenako anagwira dzanja la mng'ono wawo.

"Feliya. Kumbuyo kwanga kulibe munthu."

"Alipo, mayi wa chitenje cha nkhuku uyo."

"Sindikunena ameneyo."

A Feliya anasiya kuseka. "Pachiwaya paja munaitana?"

A Nanyoni anapukusa mutu.

Apa ndi pamene awiriwa amasiyana. A Feliya amati achemwali awo anadzuka nthawi yomweyo. Koma eni ake anatiuza kuti ayi, sanadzuke nthawi yomweyo, ndipo anapempha kuti tikamanena nkhaniyi tizinena zoona. Amati anakhala pampando paja mpaka basi inatsala pang'ono kudzaza. Kupepuka kuja kunali kokoma. Anaganiza zopita kumunda okha, kugona okha, kudya zimene akufuna popanda wina woima kumbuyo.

"Asiyeni, achemwali," anatero a Feliya motsitsa. "Ankaukonda Kabula. Mwawabweretsa kwawo."

"Kwawo?"

"Si ankangonena za kuno?"

"Nyumba ija anaigwetsa, Feliya. Unaona wekha masitepe. Akagona kuti? Pamatayala?"

A Nanyoni anapitiriza.

"Munthu uja sanagonepo panja chikwatireni ine. Ndiye tikamange chiliza pamwamba pa ndani? Ana azikasesa manda a ndani?"

Ananyamula buledi wawo. A Feliya anavala nsapato akung'ung'udza. Kondakitala anafuula kuti, "Masteni, ikunyamuka iyi!" koma iwo anali atatsika kale.

Pobwerera kumsika chisisira chinali chitagwa. Magetsi anali kuyaka limodzilimodzi, ogulitsa akulongedza katundu wawo m'matumba. A Nanyoni amati tsopano njira sankaidziwa. Masana mapazi ankapita okha, koma apa anasochera kawiri, ndipo anali a Feliya amene anafunsa anthu mpaka anamva fungo la utsi.

Ziwaya zambiri zinali zitazima. Mwini chiwaya uja anali kupala mafuta ndi chitsulo, moto wake utatsala malawi ochepa. Atawaona anaima.

"Mwaiwala chiyani, masteni?"

"Munthu."

Iye sanaseke. Anayang'ana benchi limene anakhalapo masana.

"N'chifukwa chake," anatero. "Chichokereni inu palibe wakhalapo. Makasitomala akumafika, kuliyang'ana, n'kudyera choimirira. Ndimayesa mwina mwatayirapo kanthu."

A Nanyoni anapereka buledi kwa mng'ono wawo. Anakonza chitenje, nagwada pang'ono kutsogolo kwa benchi, nawomba m'manja mofatsa.

"Bambo, pepani. Ndinalakwa. Tiyeni kwathu, bambo."

Analankhula mokweza kuposa masiku onse, chifukwa cha chisoni.

"Ayi, masteni!" Mwini chiwaya anagwetsa chitsulo chake. Koma mawu anali atatuluka.

A Feliya amati choyamba kuchoka chinali phokoso. Magalimoto ankadutsabe pamsewu, koma ankamveka kutali, ngati uli pansi pa madzi. Agalu awiri amene ankadikira mafupa anadzuka napita, michira pansi. Malawi a pachiwaya anapendekera mbali imodzi, kenako mbali ina, ngakhale kunalibe mphepo.

Kenako anamva mapazi. Sanali othamanga. Ankachokera kumtsinje, kunsi kwa mlatho. Ena ankachokera kunjanji. Ena pakati pa mabenchi a msika amene anali atatsekedwa. Ena a nsapato, ena a nkhwaira, ambiri opanda kanthu. Kunabwera fungo la zovala zonyowa zimene zakhalitsa m'thumba. Benchi lija linalira kuchokera kumapeto ano mpaka uko, monga limalirira anthu akamapanikizana kuti wina akhalenso. Wina anatsokomola chapafupi, kutsokomola kwaulemu, kwa munthu amene akufuna umuone koma sakufuna kukusokoneza.

A Feliya anayamba pemphero la Ambuye, nafika pa "mutipatse lero", nayambiranso.

"Masteni," ananong'ona mwini chiwaya, "kuno sitiitana choncho. Tauni ino yasunga abambo ambiri. Anabwera kudzafuna ntchito, ena atamwalira anaikidwa ndi akaidi, kwawo osamva n'komwe. Aliyense ndi bambo wa winawake. Ndiye inu mwati tiyeni kwathu."

A Nanyoni amati sanamve nkhanza pamalopo. Chimene anamva ndi kudikira. Anazunguliridwa ndi kudikira, ngati pachipata cha chipatala nthawi yoona odwala isanakwane.

Kenako anati, "A Mlauzi."

Mapazi ena anabwerera m'mbuyo. Koma benchi silinapepuke kwenikweni, ndipo kumtsinje kunkabwerabe ena.

"A Mlauzi anabwera kuno ndi ambiri, masteni. Tchulani dzina."

"Ndatchula."

"Limenelo ndi la mtundu. Lawolawo. Limene anawapatsa mayi awo."

A Nanyoni anayang'ana pansi. Inu mukudziwa mmene amayi athu analeredwera. Mkazi satchula dzina la mwamuna wake. Pa ukwati, abusa atawauza kuti abwereze, iwo anangogwedeza milomo. Kuchipatala, namwino akafunsa, ankakodola mwana kuti ayankhe. Ngakhale popemphera ankangoti "mtumiki wanu uja", podziwa kuti Mulungu akumudziwa.

"Dzina limenelo silinatulukepo m'kamwa mwanga," anatero.

"Ndinene ine, achemwali," anatero a Feliya. "Ine ndi mlamu, ndilibe mlandu."

"Ayi. Anabwera ndi ine. Ndawasiya ndine."

Anaimirira. Amati anakumbukira kuti amene anawazungulira ndi anthu, ndipo anthu suwathamangitsa ngati nkhuku. Anatembenukira kumtsinje, nawomba m'manja. Anatembenukira kunjanji, nawombanso.

"Pepani, abambo anga nonse. Ndakudzutsani pachabe. Ine ndine mlendo, nyumba yanga ndi yaing'ono, ndabwerera mmodzi. Mulungu amene saiwala dzina la munthu akukumbukireni."

Kenako anayang'ana benchi. Poyamba dzinalo linangotuluka ngati mpweya, ngakhale a Feliya sanalimve. Ananyowetsa milomo. Anaika dzanja pachifuwa. Ndipo anaitana mokweza, pakati pa msika wa Kabula, monga mayi amaitanira mwana amene wachedwa kudambo.

"Dafuleni! Iwe Dafuleni! Tiye kwathu!"

Kunali zii.

Kenako benchi linalira kamodzi, kawiri, likupepuka. Mapazi anayamba kubwerera. A Nanyoni amati zimenezi ndi zimene sadzaiwala. Sanabwerere mokwiya. Anabwerera pang'onopang'ono, mmodzimmodzi, ena akuima kaye, ngati akuyembekeza kuti mwina patchulidwa dzina lachiwiri. Anatsikira kumtsinje, analowera kunjanji. Fungo lija linatha. Malawi anaima chilili. Phokoso la magalimoto linabwerera, ndipo kutsidya kwa msewu wina anayatsa wailesi.

Mwini chiwaya anatola chitsulo chake.

"Apita?" anafunsa a Feliya.

"Apita," anayankha mwini chiwaya.

"Onse?"

A Nanyoni anapendeketsa mutu ngati akumvetsera mvula yakutali. Mapewa awo, amene anali atawongoka madzulo onse, anatsika pang'onopang'ono. Anapumira m'mwamba.

"Si onse," anatero. Ndipo anacheukira kumbuyo pang'ono, nalankhula ndi mawu amene a Feliya anali asanawamvepo, mawu a mtsikana. "Nanunso munthu wamkulu, mungokhala osatsatira? Mpaka ndichite kukutchulani pagulu?"

Mwini chiwaya anawaperekeza mpaka pamsewu waukulu. Potsanzikana anati, "Muyende bwino, masteni." Anazengereza pang'ono, nawonjezera chapansipansi, "Madala, muyende bwino."

Pa Wenela anapeza basi ina yopita ku Lilongwe, yodutsa kwathu kuno, anthu ali ochepa. Pakhomo la basi a Nanyoni anaima, ndipo sanatinso "bambo". Anatchula dzina lija, motsitsa, ngati chinthu chimene angochigula kumene ndipo akuchiyesa ngati chikuwakwana. Anakhala pampando wa anthu atatu, a Nanyoni kuwindo. A Feliya anadziponya pambali pawo, nawakumbatira mkono.

Basi inatuluka m'tauni, magetsi a Ndirande akuthwanima paphiri ngati moto wa lupsa. Anadutsa Lunzu. Kenako a Feliya anafunsa monong'ona.

"Achemwali, mukutsimikiza kuti akwera?"

A Nanyoni sanachotse maso pawindo.

"Sendera uko, Feliya. Ukuwapanikiza alamu ako."

A Feliya anasendera.

Apa ndi pamene a Nanyoni analekera, ndipo palibe amene anafunsa funso. Inenso ndilekera pomwepa. Ambuye asunge oyenda m'njira, ndipo akumbukire amene anabwerera kumtsinje madzulo aja.